Momwe mungachepetsere utsi m'nyumba yomwe mukukhala ndi agogo

Kuno ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, agogo akayamba kuiwala mayina a zidzukulu kapena kusochera pochokera kutchalitchi, timati ndi ukalamba, ena mpaka kuwanamizira ufiti. Kawirikawiri amakhala matenda a muubongo otchedwa dementia. Mu 2024 akatswiri omwe anasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet anatchula zinthu 14 zomwe zimakolezera matendawa koma munthu atha kuzipewa, ndipo fodya ndi mpweya woipa zilimo. Tizidutswa ta utsi tosaoneka ndi maso, totchedwa PM2.5, timalowa m'mapapo n'kudutsira m'magazi, kenaka timawononga mitsempha yopititsa magazi ku ubongo. Utsi wa makombi (maminibasi) pa siteshoni ya Copacabana simungauletse, koma wa m'nyumba mwanu mungathe.

Yambani ndi mbaula. Mu June ndi July, magetsi a kampani ya ZESA akathima kuli chisanu, ambiri amalowetsa makala m'chipinda cha agogo n'kutseka mawindo. Musatero. Kupatula utsiwo, makala amatulutsa mpweya wopanda fungo wa carbon monoxide, womwe umapha anthu ali m'tulo. Bulangete lakaunjika la kumsika wa Mupedzanhamo ndi lotchipa kuposa makala a nyengo yonse yozizira.

Kenaka sinthani chophikira, musiye nkhuni ndi palafini mupite ku gasi. Apa ndi pomwe ine ndinalumidwa, ndiye mvetserani bwino. Ndinagula silinda ndi chitofu kwa bambo wina wogulitsa m'mbali mwa msewu, yemwe analumbira kuti ndi zatsopano. Kunyumba moto unkayaka wachikasu, mapoto akuda bii, amayi akudandaula mutu madzulo alionse. Titabwerera, mwiniwake anali atasamuka. Moto wa gasi wabwino umakhala wabuluu. Ukakhala wachikasu ndiye kuti gasi sakupsa mokwanira, ndipo mwangobweretsa utsi wina m'nyumba. Musanalipire, auzeni ayatse chitofucho mukuona. Mukafika kunyumba pakani thovu la sopo pa paipi ndi polumikizira ponse. Pakatuluka tithovu, gasi akuthawa, tsekani msanga. Paipi yong'aluka musaimange ndi mphira wa chubu, gulani ina. Podzadzitsa gasi, yang'anani kulemera kwa silinda yopanda kanthu komwe kumalembedwa pachogwirira, ndipo muone nokha sikelo, chifukwa ena masikelo awo ndi okonza ndipo mumalipira makilo atatu kulandira awiri ndi theka. Ine tsopano ndimadzadzitsa kwa okhala ndi chiphaso cha ZERA, bungwe la boma loyang'anira za gasi, mafuta ndi magetsi, basi, ngakhale mtengo ukwereko pang'ono. Ndipo ngakhale gasi akhale wabwino chotani, zenera la kukhitchini likhale lotsegula pophika.

Za fodya n'zovuta kukamba m'dziko lomwe ambiri a makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, komabe lamulo likhale limodzi: m'nyumba musasutidwe, ngakhale pazenera. Utsi wa wosuta umalowanso mwa amene ali pambali. Ngati wosutayo ndi agogo eni ake, musawakalipire. Auzeni mwaulemu kuti, "Agogo, tiyeni kukiliniki akakuyezeni BP, tikafunsenso za kusiya fodya." Kusiya kumathandiza ngakhale munthu atakula kale, ndipo BP yokwera nayo ili m'gulu la zinthu 14 zija.

Zinyalala musawotche pakhomo, makamaka mapulasitiki ndi matayala. Galimoto ya khonsolo ikachedwa, masamba ndi zotsala za kukhitchini kwirirani kudimba. Jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera logona. Mu September ndi October, moto wa tchire ukadzaza utsi mumzinda, tsekani mawindo ndipo agogo akawongole miyendo utsi ukachepa, m'timisewu ta mkati, osati m'mbali mwa msewu waukulu wa Simon Mazorodze.