Momwe mungayesere ntchito zodikira pa mzere ndi zoyendera nthawi mu pulogalamu

Ntchito monga kutumiza imelo kapena kukonza lipoti sizichitika nthawi yomwe munthu wadina batani. Zimaikidwa pa mzere, kawirikawiri mu pulogalamu yosunga mzerewo monga Redis kapena RabbitMQ, ndipo worker, pulogalamu yapadera yogwira ntchitozo, amadzazitenga pambuyo pake, choncho zikalakwika sipakhala munthu woziona.

Yambani ndi kuchotsa ntchito yeniyeniyo m'kati mwa job, gawo la khodi lomwe worker amayendetsa, n'kuiika mu function yakeyake, kuti muiyese monga mumayesera khodi ina iliyonse. Mukatero, tsimikizani kuti ntchitoyo ikufikadi pa mzere. Mu Laravel, chida cholembera mapulogalamu a PHP, mumaitana Queue::fake() kenako Queue::assertPushed, pomwe mu Sidekiq, yoyendetsa mizere mu Ruby, muli Sidekiq::Testing.fake! yomwe imasunga ntchitozo kuti muziwerenge. Onaninso zomwe mwatumiza nazo, ndipo ndi bwino kutumiza nambala ya rekodi yokha, chifukwa rekodiyo ikhoza kusintha ntchitoyo isanatengedwe.

Pali njira yachidule yomwe ambiri timaikonda, yolamula kuti ntchito ichitike pompopompo osadutsa pa mzere. Mu Celery, yoyendetsa mizere mu Python, ndi task_always_eager, mu Laravel ndi QUEUE_CONNECTION=sync. Njira imeneyi ndi yomwe inandigwetsa m'mavuto. Ndinalemba khodi yosunga oda mu database ndi kutumiza ntchito yokonza lisiti, zonse m'kati mwa transaction imodzi, ndiko kuti gulu la zosintha zomwe database imasunga pamodzi kapena kuzikana pamodzi. Mayeso onse anadutsa. Pulogalamu itayamba kugwiritsidwa ntchito, malisiti ena sankatuluka, ndipo worker ankanena kuti odayo palibe, pomwe ine ndikayang'ana mu database ndinkaipeza. Ndinataya masiku awiri ndikuganiza kuti vuto lili pa Redis.

Chomwe chinkachitika n'chakuti worker ankaitenga ntchitoyo mofulumira kwambiri, transaction isanatsekedwe ndi commit, lamulo lomwe limasungadi zosinthazo mu database, ndipo popeza iye amalumikizana ndi database payekha, odayo sankaiona. Pa mayeso zonse zinkayendera pa kulumikizana kumodzi, n'chifukwa chake vutolo linabisika. Mankhwala ake mu Django, chida cholembera mapulogalamu a Python, ndi transaction.on_commit, mu Laravel ndi afterCommit. Koma dziwani kuti TestCase ya Django siichita commit konse, motero zomwe mwaika mu on_commit sizidzayenda pokhapokha mutagwiritsa ntchito captureOnCommitCallbacks, yomwe inabwera mu Django 3.2, kapena TransactionTestCase. Kuchokera nthawi imeneyo ndimasunga mayeso awiri kapena atatu oyenda ndi worker weniweni komanso Redis weniweni. Kuyatsa Redis pa kompyuta yanu kudzera mu Docker, chida choyendetsera mapulogalamu paokhapaokha, sikufuna ndalama, choncho palibe chifukwa chozembera. 

Kenako yendetsani ntchito imodzimodzi kawiri ndi nambala ya rekodi yomweyo. Worker akafa ntchito ili pakati, kapena ikalephera n'kuyesedwanso, ikhoza kuchitika kachiwiri, ndipo kasitomala sayenera kulandira malisiti awiri kapena kudulidwa ndalama kawiri. Chititsani dala kuti seva ya imelo ilephere, muwerenge kuti ntchitoyo yabwerezedwa kangati ndi komwe yakathera.

Pa ntchito zoyendera nthawi musaike sleep m'mayeso. Imitsani wotchi ndi freezegun mu Python kapena Carbon::setTestNow mu PHP, n'kuyesa pakati pa usiku, pa 29 Febuluwale ndi kumapeto kwa mwezi. Mu cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, lamulo la 0 0 31 * * limadumpha miyezi yonse yosafika masiku 31. Seva zambiri zimayendera UTC, nthawi yoyezera ya dziko lonse lapansi, choncho fananizani ola lomwe mwalemba ndi ola lomwe ogwiritsa ntchito pulogalamuyo akuyembekezera, ndipo ngati muli ndi seva ziwiri onetsetsani kuti ndi imodzi yokha yomwe ikuyambitsa ntchitozo.