Kamwana ka cockatiel kotambalala miyendo: zomwe zinathandiza

Kamwana ka cockatiel (mbalame yoweta ya mtundu wa zinkhwe) kakamakula miyendo itatambalala m'mbali ngati kachule, nthawi zambiri vuto limakhala pansi pa bokosi loswera. M'bokosi langa pansi panali thabwa losalala, makolo atakankhira utuchi wonse m'makona, ndiye kamwanako kamangoterereka, kosapeza popondera.

Ndinathiramo zopalidwa za matabwa a paini zouma bwino, zokhuthala masentimita 5, n'kukumba kadzenje pakati kuti tiana tizikhala pamodzi. Utuchi wosalala ngati ufa ayi, umalowa m'mphuno. Zopalidwa za mkungudza nazonso ayi, fungo lake limavutitsa mapapo.

Miyendo ndinaimanga ndi kachidutswa ka siponji yofewa. Ndinaboola mabowo awiri otalikirana mofanana ndi kukula kwa thupi lake, mwendo uliwonse bowo lake, pamwamba pang'ono pa zala. Zalazo muziziyang'ana tsiku lililonse. Zikatupa kapena kuda, masulani msanga, ndiye kuti magazi sakuyenda. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri miyendo imawongoka chifukwa mafupa akadali anthete, koma mukadikira mpaka nthenga zitamera zimavuta kwambiri.

Makolo ndinawawonjezera dzira lowiritsa, masamba obiriwira ndi zigoba za mazira zowiritsa n'kusinja, poti njere zokha zilibe kashiamu wokwanira, mchere wolimbitsa mafupa.