Mmene mungagulire katundu m'magulupu a WhatsApp ndi Facebook muno mu Lusaka osaberedwa

Magulupu ambiri ogulitsirana ali ndi malamulo ndithu, ena amati mtengo uikidwe poyera osati zija za bwerani ku inbox, ena amafuna chithunzi cha NRC wogulitsa asanayambe kuposta, ndipo ma admin akuyesetsa tisawanyoze. Koma tiuzane zoona anzanga, mphamvu ya admin ndi kuchotsa munthu mu gulupu basi, ndalama zanu zikapita pa Airtel Money kapena MoMo sangazibweze, ndipo kawalala uja mawa walowanso ndi simu ina. NRC yomweyo ena amatumiza ya eni ake yotola. Nde musati poti ndi gulupu ya mpingo kapena ya amayi a ku Chilenje ndiye aliyense mmenemo ndi wokhulupirika ayi.

Musatumize dipoziti pa chinthu chomwe simunachigwire m'manja. Nyimbo ya akawalala ndi imodzi, katundu ali ku Nakonde, tumizani ya transipoti chabe mudzalandira pa Intercity mawa m'mawa, mukangotumiza nambala yazima. Ngati kuli m'bale wanu kumeneko akaone kaye, apo ayi chisiyeni.

Kumanani masana pamalo pa anthu, Manda Hill, Levy kaya East Park, ndipo musapite nokha. Ngati ndi foni apa ndiye musachite manyazi, ikanimo simu yanu muimbe, yesani kamera ndi chaja, dinani *#06# muone ngati IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ikufanana ndi ya pa bokosi, mwiniwake achotse akaunti yake ya Google kapena iCloud inu mukuona. Akayamba zoti pasiwedi ndaiwala, nyamukani, foni yakuba apolisi akaitsata adzapeza inu. Ndipo mukamaliza kuyesa musaibwezenso m'manja mwake kuti akuikireni m'bokosi, pomwepo ndi pamene amasintha, mukafika kunyumba mupeza chigoba chosayaka.

Polipira werengani dzina lomwe latuluka musanaike PIN, likasiyana ndi la amene mukulankhula naye funsani chifukwa. PIN kapena kodi yobwera pa SMS musauze munthu, ngakhale anene kuti ndi admin.

Inunso ogulitsa salaula, mawigi ndi nsapato, meseji yoti ndalama zalowa ikhoza kukhala yolemba munthu, sikirinishoti ndiye musaiwerengere nkomwe. Onani balansi pa foni yanu kaye katundu asanachoke.

Zikakuchitikirani musakhale chete chifukwa cha manyazi, ambiri amabisa ndipo wakubayo amapitiriza. Imbirani kampani ya netiweki yanu nthawi yomweyo, nenezani nambalayo ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, pa *707#, kenako pitani ku polisi ndi machati onse ndi nambala ya transakishoni, musafufute kanthu. A admin apatseninso umboni womwewo kuti amuchotse ndi kuchenjeza ma admin a magulupu ena, chifukwa anthuwa amaposta m'magulupu ambiri nthawi imodzi.