Sikwadi ikatuluka, yambani ndi goloboyi wachitatu

Tsiku limene kochi watulutsa mayina a anyamata opita ku AFCON, mpikisano wa mpira wa mayiko a mu Africa, foni imachita kutentha, wa ku Mbare watumiza, wa ku Mufakose watumiza, wa ku Dzivarasekwa nayenso chithunzi chomwecho, ndipo tonse maso amathamangira pansi penipeni pa pepalalo pamene pamakhala ma sitiraika. Gaba, Gabadinho Mhango wa Flames, alipo? Alipo, basi mtima pansi. Ife obadwira kuno ku Harare nkhaniyi imatigwira kawiri chifukwa timu ya kwa agogo ndi Flames ya Malawi koma timu ya kumene tinasiya mchombo ndi Warriors ya Zimbabwe, ndiye sikwadi timawerenga ziwiri. Ine kuwerengako ndinaphunzira kwa amalume anga a ku Mufakose amene amasunga kope la ana asukulu longolembamo za mpira, ndipo njira yawoyo sinandinamizepo.

Choyamba, funsani kuti pepala mwalandiralo ndi liti. Pamakhala mndandanda woyamba, wautali, umene kochi amangoikamo aliyense amene akumuganizira, kenako pamabwera womaliza umene umapita ku CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Anthu ambiri amayamba kutukwana kapena kuvina ndi mndandanda woyambawo pamene theka la mayinawo sadzakwera ndege. Onaninso kumene wachokera, ngati si pa tsamba la FAM kapena ZIFA, mabungwe a mpira a ku Malawi ndi ku Zimbabwe, muziyamba mwadikira, pajatu masiku ano mwana aliyense wa foni atha kupanga chithunzi chokhala ndi mbendera n'kuikapo mayina a kumtima kwake. Chiwerengero nachonso chimasinthasintha. Kale anali 23, ku Cameroon mu Januwale 2022 analola 28 chifukwa cha Covid, ku Ivory Coast mu 2024 anali mpaka 27. Ndiye werengani mitu, muone ngati kochi wadzaza malo onse kapena wasiya ena.

Mukatsimikiza kuti ndi womaliza, tengani kope ndi bolopeni. Musadalire mutu. Amalume amajambula mizere inayi, dzina, kilabu, malo amene munthuyo amasewera, ndi magemu asanu omaliza a ku kilabu kwake. Ndipo amayambira pamwamba, pa magoloboyi, osati woyamba ayi, wachitatu.

Chifukwa chake tonse a kuno tikuchidziwa ngakhale timafuna kuiwala. Mu 2019 ku Egypt, Warriors inapita ndi Edmore Sibanda, George Chigova ndi Elvis Chipezeze. Sibanda anavulala gemu yoyamba yomwe ija ndi Egypt, Chigova anagwira gemu ya Uganda imene inatha 1-1, kenako tsiku la DR Congo iyenso anavulala akutenthetsa thupi gemu isanayambe, ndiye wachitatu uja amene palibe anamuwerengera anapezeka ali pagolo pa gemu imene timafunika kuwina kuti tipitirire. Tinaluza 4-0. Ine sindimunena mnyamatayo, munthu wauzidwa mphindi zochepa chabe kuti ukulowa, mtima sungakhale m'malo. Ndikunena kuti dzina lachitatulo ndi dzina lenileni, limasewera. Comoros ku Cameroon inafika pomuveka magolovesi Chaker Alhadhur, difenda wa kumanzere, pa gemu ya ndime ya matimu 16 ndi eni bwalo chifukwa magoloboyi onse anali atagwa, wina kuvulala ena Covid. Ndipo ku Flames mbali yabwino ya nkhani yomweyi tinaiona, Charles Thom sanapite ngati goloboyi woyamba koma ndi amene anaima pagolo tsiku la Senegal, Sadio Mane ali m'bwalo, gemu n'kutha 0-0. Ndiye pa magoloboyi atatuwo funsani funso limodzi, kodi ku kilabu kwake akugwira sabata ndi sabata kapena amangotenthetsa benchi? Goloboyi wa Bullets, Wanderers kapena Silver amene akugwira gemu iliyonse ine ndimamukhulupirira kuposa wa timu ya dzina ku Joni amene chaka chonse sanadumphepo.

Mukachoka apo tsikirani kwa otseka kumbuyo, ndipo apa muwerenge mwa awiriawiri. Kumanja awiri, kumanzere awiri, pakati anayi, ngati penapake pali mmodzi yekha lembani mzere wofiira. Malo amene amavuta kwambiri m'matimu athu ndi kumanzere, osewera a mwendo wamanzere ndi ochepa, ndiye kochi amakonda kutenga wa kumanja n'kumuponya uko, zimayenda gemu imodzi koma akakumana ndi wing'a wothamanga ngati aja a Morocco zimaonekera poyera. Yang'ananinso ngati ma difenda apakati awiriwo anaseweramo limodzi. Awiri abwino amene sadziwana amaposedwa ndi awiri apakatikati amene akhala limodzi zaka zitatu, wina akangokweza dzanja mnzake wadziwa kale kuti tikukwera. Ndipo muike kanyenyezi pa aliyense amene amatha malo awiri, difenda amene amathanso kusewera pa 6, pakati kutsogolo kwa ma difenda, kapena wa kumbali amene amalowa pakati. Ku mpikisano anthu amenewa ndi golide. Kumbukirani gemu yoyamba ya Flames ku Bafoussam ndi Guinea, Covid itagwira kampu, pa benchi panali anthu anayi okha ndipo awiri anali magoloboyi, Gaba panalibe, ngakhale kochi Mario Marinica panalibe, anaimirira ndi Meck Mwase. Tinaluza 1-0 koma anyamata anasewera mpira wooneka, chifukwa amene analipowo amatha kusinthana malo.

Pakati sindichedwapo. Funsani kuti wolanda mpira ndani, wogawa ndani, ndipo wolandayo akapatsidwa makadi awiri achikasu n'kukhala panja gemu yotsatira alowe ndani. Ngati yankho palibe ndiye kuti timuyo ili ndi bowo ngakhale mayina atakhala okongola bwanji. Warriors inapita ku Cameroon opanda Marvelous Nakamba amene anavulala bondo ku Aston Villa mwezi umodzi mpikisano usanayambe, ndipo aliyense amene anaonera anaona pamene pamadontha.

Tsopano mzere wachinayi uja wa magemu asanu omaliza, umenewu ndi umene umafuna bandulo ndi kudekha, koma ndi umene umanena zoona. Dzina lililonse lisakeni pa intaneti, muone ngati anayamba gemu, ngati analowa ngati sabu mphindi 10 zomaliza, kapena sanaoneke n'komwe. Amalume amalemba Y akayamba, S akalowa mochedwa, ndi kamzere ngati sanasewere, ndiye ukayang'ana tsamba lonse umangoona wekha kuti timu ili ndi mpweya kapena ayi. Kusewera kunja si chiphaso. Pali anyamata amene timawatchula ndi ulemu kuti ma pulofeshonolo koma miyezi itatu sanagunde mpira wa ligi. Komabe apa ndikuchenjezeni, kope si Baibulo. Gaba popita ku Cameroon sankapatsidwa mpata wokwanira ku Orlando Pirates, mzere wake ukanakhala wa timizere tambiri, koma anakagoletsa zitatu. Sitiraika wa mtundu umenewo, amene amabwera ndi njala yofuna kuonetsa anthu, mutha kumukhululukira. Difenda kapena goloboyi wopanda magemu musamukhululukire, ntchito yawo imafuna diso lozolowera.

Za osewera a ligi ya kuno musafunse intaneti, pitani nokha. Kombi ya ku Mbare si yodula, bwalo la Rufaro lili pomwepo, kaoneni ndi maso anu mnyamata wa Dynamos kapena CAPS amene akumutchulayo, muone ngati amabwerera kudzathandiza kumbuyo mpira ukatayika, zimene pa TV sizioneka. Akuluakulu amene anaona Joseph Kamwendo akuvala zobiriwira za CAPS mpaka kutenga Soccer Star of the Year mu 2005 amakuuzani kuti anamudziwa kuti ndi dolo nyuzipepala zisanayambe kumulemba. Za ku Malawi imbirani achibale a ku Ndirande kapena ku Area 25 amene amapita ku Kamuzu Stadium ndi ku Bingu, akuuzani zoona zake kuposa mitu ya nkhani.

Kenako pali nkhani ya mapepala imene anthu amaiona ngati yotopetsa. Mukaona dzina lachilendo, mwana wobadwira ku England kapena kwina, funsani ngati pasipoti yatuluka. Lamulo la FIFA limalola munthu kusewerera dziko limene anabadwira iyeyo, kholo lake kapena agogo ake, kapena kumene wakhala zaka zokwanira, koma popanda pasipoti ya dzikolo salowa m'bwalo, ndipo ngati anaseweako dziko lina pamafunika chilolezo chosinthira. Ife nkhaniyi timaimva m'mafupa chifukwa ndi nkhani ya m'nyumba mwathu, Benjani Mwaruwari makolo ake ndi ochokera ku Malawi koma anabadwira ku Bulawayo n'kukhala kaputeni wa Warriors, ndipo m'ma lokeshoni muno muli ana ambiri amene atha kuvala malaya ofiira kapena achikasu malinga ndi pepala limene ali nalo. Musaone ngati zachibwana. Equatorial Guinea, imene inali gulu limodzi ndi Malawi pa mapointi opitira ku World Cup ya 2026, inalandidwa magemu awiri mu 2024 chifukwa cha mapepala a Emilio Nsue. South Africa inadulidwa mapointi atatu chifukwa choseweretsa Teboho Mokoena ndi Lesotho ali ndi makadi awiri achikasu. Ngati zikuchitikira Bafana ndiye kuti zitha kuchitikira aliyense.

Onaninso tsiku limene anyamata akunja afike mu kampu. Ulendo wa ku Cameroon makilabu a ku Ulaya analoledwa kusunga osewera mpaka pa 3 Januwale pamene mpikisano umayamba pa 9, ndiye kochi amakhala ndi timu yonse masiku osakwana sabata. Timu imene msana wake ndi anyamata a ligi ya kwawo imapindula pamenepa chifukwa imalowa kampu msanga. Ndipo tcherani khutu ku nkhani ya ma alawansi, ikayamba kumveka sabata yomaliza dziwani kuti mitu ya anyamata sili pa mpira, ku Egypt mu 2019 Warriors inakangana za ndalama mpaka gemu yotsegulira itatsala pang'ono.

Kochi naye muwerengeni, chifukwa sikwadi ndi kalata yake. Akatenga ma difenda apakati asanu ndi ma wing'a othamanga ndiye kuti akufuna kutseka n'kumabaya mothawa. Akadzaza apakati ogawa mpira ndiye kuti akufuna kuusunga. Ife a kuno tili ndi mwayi woti makochi ena timawadziwa mbali zonse, Kalisto Pasuwa anatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014, anapita ndi Warriors ku Gabon mu 2017, kenako anakakolola zikho ku Bullets mpaka kupatsidwa Flames. Munthu ngati ameneyo ukaona mayina ake umadziwa kale kuti akufuna anyamata omvera ndi olimbikira, sadzatenga munthu chifukwa choti anthu akukuwa pa Facebook.

Mukamaliza zonsezi ndi pamene muyang'ane ma sitiraika, ndipo muike sikwadiyo pambali pa gulu limene timu yagwera. AFCON ili ndi matimu 24, magulu 6, awiri apamwamba amapitirira limodzi ndi anayi abwino mwa omaliza pa nambala 3. Ndiye simukufunika timu yomenya aliyense, mukufunika timu yowina gemu imodzi n'kukana kugonja ina. Flames inadutsa ndi mapointi 4 basi. Lembani gemu imene mukuona kuti apa mpofunika kuwina, ndipo mudzifunse ngati pa benchi pali munthu wolowa mphindi 70 zitakwana n'kusintha zinthu. Mu 2010 ku Angola timu ya Kinnah Phiri inathira Algeria 3-0, zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, anthu atatu osiyana, ndipo Kafoteka anali difenda. Zigoli zikamachokera malo ambiri chonchi timu imavuta kuitseka.

Pa 14 Januwale 2022 tinadzaza pabalaza pa amalume kudzaonera Flames ikusewera ndi Warriors, ena pa mipando ena pa mkeka, azakhali atasiya poto wa nsima pamoto, jenereta ya aneba ikulira kuseri chifukwa magetsi anali atapita masana. Ishmael Wadi wa Warriors atagoletsa ndi mutu ana onse obadwira kuno anadumpha, amalume ali chete kope lili pa bondo. Hafu yoyamba isanathe Gaba anabweza, ndipo atabwerera ku hafu yachiwiri anaba mpira difenda akuchedwa nawo n'kuika chachiwiri, 2-1. Amalume sanakuwe, anangotembenuza kope n'kundionetsa mzere wofiira umene anajambula sabata ziwiri m'mbuyomo pansi pa otseka kumbuyo ndi apakati a Warriors, akuti mphwanga, ndinakuuza kuti apa padzadontha. Patatha masiku 11 Gaba anaponya chija cha kutali kwambiri chodutsa pamutu pa goloboyi Bono wa Morocco ku Yaoundé, tinaluza 2-1 En-Nesyri ndi Hakimi atabweza, koma usiku umenewo ngakhale aneba achishona anabwera kudzagogoda kuti Achimwene, timu yanu ija ndi timu.

AFCON ya 2027 ili ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo kumeneko ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndiye polemba nthawi za magemu mu kope muzichotsapo ola, gemu ya 7 koloko madzulo kumeneko kuno ndi 6 koloko. Kope gulani la masamba 96, lochepa limatha musanafike pa ma sitiraika a timu yachiwiri.