Momwe mungachitire mukafuna kusamuka ndi mwana banja litatha

Ntchito ikapezeka kutali, kapena banja latsopano likakuitanani kwina, mtima umafuna kungonyamula mwana n'kupita, mnzanu wakale adzamve mutakhazikika kale. Ambiri amaluza mlandu pomwepa, asanafike n'komwe kukhoti. Woweruza akaona kuti mwana anasamutsidwa mwakachetechete, amakayikira ngati kholo limeneli lidzamulola kuonana ndi bambo kapena mayi ake, ndipo akhoza kulamula kuti mwanayo abwerere kaye komwe anali.

Yambani ndi mapepala omwe muli nawo kale. Tengani chigamulo cha khoti kapena mgwirizano womwe munasainirana polekana, muwerenge mzere ndi mzere. Kukhala ndi mwana pakhomo panu sikukupatsani mphamvu yosankha nokha komwe azikulira. Ngati pepalalo likuti bambo azimutenga Loweruka lililonse, kusamukira kutali moti zimenezi sizingatheke ndi kuphwanya chigamulo, ngakhale mawu oti "kusamuka" mulibemo.

Kenako dziwitsani kholo linzanulo mwa kulemba. Pafoni mawu amakanidwa. Kalata ikhale ndi tsiku losamuka, adiresi yatsopano, chifukwa chake, sukulu yomwe mwana akalowe, ndi momwe mukuganizira kuti azionana. Sungani kope ndi umboni woti inafika. Nthawi yake imasiyana malinga ndi malamulo a komwe muli: m'zigawo za Washington ndi Pennsylvania, ku America, amafuna masiku 60 musanasamuke, ndipo wokana amapatsidwa masiku 30 kuti akadandaule. Ngakhale komwe lamulo silitchula masiku, miyezi iwiri kapena itatu imaonetsa kuti simunafune kum'dzidzimutsa munthu.

Ntchito yaikulu ili pa ndondomeko yoonana ndi mwana, ndipo apa ndi pomwe anthu amachita ulesi. Kulemba kuti "azibwera kudzamuona akafuna" n'kusanena kanthu. Lembani masabata angati a tchuthi chachikulu mwana azikhala kwa winayo, chaka chiti Khirisimasi ikhala kwa ndani, amulipirira ulendo ndani, amuperekeza ndani ndipo mpaka pati, foni ya vidiyo masiku ati ndi nthawi yanji. Ganiziraninso msinkhu. Wazaka 12 atha kukhala miyezi itatu akungolankhula ndi bambo ake pafoni osawaiwala. Wazaka ziwiri, yemwe pafoni amangodina batani lofiira n'kuthamangira kukasewera, amafunika kuonana nawo pafupipafupi ngakhale kwa masiku ochepa. Amene akusamuka akadzipereka kusenza gawo lalikulu la ndalama za ulendo, pempho lake limamveka bwino.

Mukagwirizana, kaya nokha kaya kudzera mwa mkhalapakati, pititsani mgwirizanowo kukhoti usanduke chigamulo. Wapakamwa umatha tsiku lomwe mmodzi wapeza chibwenzi chatsopano.

Zikakanika, kapempheni chilolezo kukhoti loona za ana kapena za mabanja, ndipo dikirani yankho musanalongedze. Muyeso wake ndi ubwino wa mwana, monga momwe Gawo 3 la pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limanenera. Gawo 9 limateteza ufulu wake woonana ndi makolo onse awiri, ndipo Gawo 12 limati maganizo ake amvedwe malinga ndi msinkhu. Choncho umboni wanu ukhale wa mwana: kalata ya ntchito yosonyeza malipiro, mgwirizano wa nyumba, kalata ya sukulu yomulandira, chipatala chapafupi ngati ali ndi matenda okhalitsa, abale omwe angakuthandizeni kulera. Musamuphunzitse zokanena. Ogwira ntchito zosamalira ana amazindikira msanga mwana akamalankhula mawu a munthu wamkulu, ndipo zimakutembenukirani.

Inu amene mukutsala, musakhale chete poganiza kuti zitha zokha. Yankhani mwa kulemba kuti mukukana, pemphani khoti liletse kusamukako mpaka mlandu utamveka, ndipo ngati pali mantha oti atuluka m'dziko, pemphani kuti pasipoti ya mwana isungidwe. Bweretsani malisiti a fizi, a chithandizo cha mwezi ndi mwezi, ndi masiku omwe mumamutenga. Kholo lomwe linasowa zaka ziwiri n'kutulukira pa nkhani yosamuka, woweruza salimvera msanga. Kuchedwa kumapwetekanso: mwana akazolowera sukulu ndi anzake atsopano, khoti limazengereza kumuzulanso.

Kudutsa malire a dziko ndi nkhani ina. Pangano la Hague la 1980, lomwe mayiko oposa 100 analowamo, kuphatikizapo South Africa ndi United Kingdom, limati mwana wosakwana zaka 16 wotengedwa popanda chilolezo abwezedwe kudziko lomwe ankakhala. Pempho loti abwezedwe likaperekedwa chaka chisanathe chitengedwereni mwanayo, kubweza kumakhala kovuta kukana. Chaka chikadutsa, wotenga mwana atha kunena kuti wakhazikika. Fufuzani ngati panganoli likugwira ntchito pakati pa mayiko awiriwo. Ndipo musanalole mwana kukwera ndege, pemphani kuti khoti la dziko lomwe akupitalo litulutse chigamulo chofanana ndi chanu, chifukwa apolisi a kumeneko sadzagwiritsa ntchito pepala la khoti lachilendo.