Momwe mungazolowezere ng'azi yoweta kuti isamakuopeni, ndi kadyetsedwe kake

Kwathu ku Nkhotakota ng'azi tinkaziona zikuothera dzuwa pamiyala m'mphepete mwa nyanja. Ukangoponda tsamba louma, yalumphira kale m'madzi. Zoti munthu angaiwete sizinkabwera n'komwe m'mutu mwathu. Nditafika kuno ku Joni n'kupeza ntchito ya m'gadeni cha ku Randburg, ndinapeza m'galaja muli khola lalikulu la matabwa ndi galasi, m'kati muli ng'azi. Mwana wa abwana atapita kuyunivesite, ntchito yoisamala inagwera ine, ndipo pano zakwana zaka zinayi. Ndikudziwa kuti amzathu ambiri ogwira ntchito m'nyumba amasiyiridwa ziweto zotere mu Disembala eni ake akapita kutchuthi, popanda wowafotokozera kalikonse. Ndalemba izi chifukwa cha iwowo, komanso aliyense amene akuganiza zoweta yake.

Choyamba, dziwani mtundu wake ndipo onani mapepala

Ku South Africa kuli ng'azi za mitundu iwiri. Pali ya m'madzi ija timaidziwa kwathu, imene imafukula mazira a ng'ona ndi kuikira ake m'chulu. Ikakula imafika mamita awiri, ndipo kuizoloweza n'kovuta kwambiri. Pali ina ya kumtunda, yamutu waukulu, imene ambiri timaitcha gondwa. Azulu amati uxamu ndi imbulu, Mabunu amati likkewaan. Zonse ziwirizi n'zachilengedwe cha kuno, ndipo ku Gauteng lamulo silikulolani kugwira kapena kusunga popanda chilolezo cha boma. Mukaipeza m'mphepete mwa mtsinje, isiyeni komweko. Ngati yavulala, Johannesburg Wildlife Veterinary Hospital imalandira nyama zakutchire za kuno.

Zimene anthu amaweta kwambiri ndi savannah monitor, yochokera kumadzulo kwa Africa m'maiko ngati Ghana ndi Togo, imene imafika pafupifupi mita imodzi, ndi ackie ya ku Australia, yaifupi masentimita 60 mpaka 70. Ng'azi zonse zili m'ndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, choncho wogulitsa azikuonetsani mapepala, ndipo funsani ku ofesi ya zachilengedwe ya Gauteng musanapereke ndalama. Kwa woyamba kumene, ine ndingasankhe ackie yobadwira m'khola. Imene ndimasamala ine ndi savannah.

Chachiwiri, konzani kutentha musanaganize zozoloweza

Apa m'pamene ambiri amanamizika. Ng'azi ikazizidwa imangoti ndwii, mukhoza kuinyamula, kuiika paphewa, osalimbana nanu. Anthu amati yazolowera. Sinazolowere ayi, yangosowa mphamvu, ndipo m'mimba mwake chakudya sichikugayika. Ng'azi yathanzi imakhala tcheru, lilime lili kunja ndi m'kati, maso akukutsatirani.

Mbali imodzi ya khola pakhale mwala wafulati pansi pa mababu awiri kapena atatu, kuti thupi lonse litenthedwe, osati kadontho kamodzi pamsana. Pamwamba pa mwalawo pazifika madigiri 50 mpaka 60. Musaganizire, yezani ndi kachipangizo kamene mumangoloza pamwalapo n'kuwerenga. Mbali inayo ikhale yozizirapo, cha m'ma 25. Onjezani getsi la UVB (lotulutsa kuwala konga kwa dzuwa kothandiza mafupa), beseni la madzi loti ikwanemo, ndi dothi losakaniza ndi mchenga lakuya theka la mita, lonyowa pang'ono pansi, poti savannah imakumba una ndipo m'menemo ndi m'mene imapeza chinyezi. Yaikulu imafuna khola la mamita 2.4 m'litali ndi 1.2 m'lifupi.

Kumbukirani kuti Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, mpweya n'kuuma gwa. Magetsi akazima, fundirani khola ndi bulangeti, ikani botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo, ndipo tsiku limenelo musaidyetse.

Chachitatu, isiyeni

Masabata awiri oyamba musaigwire konse. Sinthani madzi, chotsani zitosi, ikani chakudya m'mbale, chokani. Ikabisala m'una musaifukule, ngakhale alendo akufuna kuiona. Una ndi malo okhawo amene imakhulupirira, mukaulanda ndiye kuti mwabwerera pachiyambi.

Kenaka yambani kukhala pafupi. Ine ndinkatenga mpando nthawi ya nkhomaliro n'kukhala pambali pa galasi, kumadya nsima yanga ndi kumvera wailesi motsitsa. Masiku oyamba inkathawa ikangomva chitseko. Patapita sabata inayamba kutulutsa mphuno yokha. Tsiku lina ndinangoona yagona pamwala, miyendo yakumbuyo itatambasula, diso limodzi lili pa ine. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akulu sananame. Ikani m'kholamo malaya akale amene mwavala, kuti fungo lanu likhale chinthu cha masiku onse.

Chachinayi, mvetsani momwe imasakira

Lilime lamphanda lija ndiye mphuno yake yeniyeni. Limatola fungo mumpweya ndi pansi n'kulipititsa kukachiwalo kamene kali kudenga la m'kamwa, ndipo chifukwa lili ndi nsonga ziwiri, imadziwa mbali imene fungo likuchokera. Maso akenso ndi akuthwa pa chilichonse choyenda. Ikaona chakudya lilime limafulumira, mutu umatsika, thupi lonse limalunjika kumodzi, kenaka imadumpha. Panthawi imeneyo siisiyanitsa chiwala ndi chala. Chachikulu imachigwedeza ndi kuchimenyetsa pansi, n'kuchimeza chathunthu.

Mkwiyo ndi wosiyana ndi njala, ndipo muyenera kuzisiyanitsa. Yoopa imafufumitsa khosi, imadzitukumula n'kutembenukira cham'mbali kuti ioneke yaikulu, imapuma mwaphokoso ngati tayala lophwa pang'onopang'ono, mchira uli wopindika kukonzekera kukwapula. Mukaona zimenezo bwezani dzanja modekha, muyesenso mawa. Ina imatseka maso mukaigwira. Sikuti ikusangalala, yathedwa nzeru.

Ine inandiluma kamodzi, chaka choyamba. Ndinali nditangogwira nkhono zake, osasamba, n'kulowetsa dzanja kuti ndichotse beseni. Inagwira chala chachikulu n'kukanirira. Ndinapirira osakoka, poti kukoka kumang'amba mnofu, mpaka inazindikira kuti si chakudya n'kusiya yokha. Ndinatsuka ndi sopo ndi madzi ambiri n'kupita kukiliniki tsiku lomwelo, komwe anandibaya jakisoni wa kafumbata. Inuyo musamadikire kuti bala litupe.

Chachisanu, dyetsani ndi chopanira, ndipo mupange chizindikiro

Gulani chopanira chachitali, cha masentimita 30 kapena kuposa. Poyamba gwirani chiwala patali, dikirani ibwere yokha. Ikazolowera, muziikoka pang'onopang'ono ndi chakudyacho kuti iziyandikira chitseko. Dzanja lizilowa cham'mbali ndi pansi, chifukwa kutchire chochokera kumwamba ndi chiwombankhanga.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi ichi. Ndinamangirira kampira kofiira kunsonga ya ndodo. Ikakhudza kampirako ndi mphuno, pomwepo ndimaipatsa chakudya. M'masiku ochepa inamvetsa kuti kampira ndiye chakudya, ndipo popanda kampira palibe chodya. Lero ndikatsegula chitseko chimanjamanja imangonunkhiza n'kupitiriza zake. Ng'azi ndi yanzeru kuposa mmene ambiri timaganizira, imazindikira ngakhale munthu amene amaisamala.

Zikafika apa, valani juzi yamanja aatali, yalani mkono pakhomo la khola, gwirani chakudya kuseri kwa mkonowo kuti iponde pa inu pofuna kuchifikira. Tsiku loyamba iponda ndi mwendo umodzi. Pakutha pa mwezi ikhoza kukwera yonse. Ikakwera ichirikizeni pachifuwa ndi m'chiuno, osaifinya, osaigwira mchira, ndipo ikafuna kubwerera ilekeni. Zina zimatenga miyezi itatu, zina chaka, ndipo zina zimangolola kuti muzigwira ntchito m'khola osakukwapulani. Imeneyonso ndi ng'azi yozolowera.

Chachisanu ndi chimodzi, chodya chenicheni

Nkhani iyi imandipweteka mtima, chifukwa savannah zambiri zimafa zisanakalambe kaamba ka kunenepa. Kwawo zimadya ziwala, nkhululu, abongololo, nkhono ndi zinkhanira, ndipo m'chilimwe zimatha miyezi zikudya pang'ono kapena osadya konse. M'khola anthu amazipatsa mbewa sabata iliyonse, mwinanso nyama yogaya ndi chakudya cha galu, chifukwa zimalandira ndi manja awiri. Mafuta amadzaza m'mimba, chiwindi n'kuwonongeka. Mukaona mimba ikukhwekhwereza pansi poyenda, mwapyola muyeso.

Chakudya chake chikhale tizilombo: nkhululu, ziwala, mphemvu zowetedwa, nyongolotsi ndi nkhono zoweta. Tizilomboto tidyetseni masamba ndi karoti tsiku limodzi musanatipereke, kenaka tiwazeni ufa wa kashiyamu. Yaing'ono idye tsiku lililonse, yaikulu kawiri kapena katatu pasabata, ndipo chidutswa chisapose kukula kwa mutu wake. Dzira kapena mbewa zikhale za apo ndi apo. Mbewayo ikhale yakufa kale, yochokera mufiriji n'kusungunuka bwino. Yamoyo imaluma ng'azi, komanso a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, amaona kuipatsa mbewa yamoyo ngati nkhanza pansi pa lamulo la Animals Protection Act la 1962.

Ife a m'gadeni timakopeka kutola nkhono m'maluwa kapena ma Parktown prawn, tizilombo tija tooneka ngati nkhululu zikuluzikulu timene timatuluka mvula ikagwa. Musatero. Simudziwa ngati aneba anathira mankhwala a nkhono kapena a makoswe dzulo lake. Dyetsani m'mawa ikatha ola limodzi ikuothera, ndipo mukadyetsa musainyamule tsiku lonse, apo ayi isanza. Nthawi zina bisani tizilombo pansi pa makungwa ndi m'dothi kuti ifukule yokha. Mudzaona ikukanda ndi zikhadabo, mutu uli m'dzenje, ndipo mudzadziwa kuti nyamayi inalengedwa kuti izisaka.

Mukamaliza chilichonse sambani m'manja ndi sopo, poti zokwawa zimanyamula majeremusi a salmonella, ndipo ana aang'ono asamaseweretse beseni lake. Ikakana kudya kwa masabata awiri pamene kutentha kuli bwino, kapena ikaonda patsinde pa mchira, kutupa nsagwada, kunjenjemera miyendo, pitani nayo kwa dotolo wa ziweto amene amadziwa zokwawa. Funsani pafoni musananyamuke, chifukwa si onse amene amaziona. Ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, kuli chipatala cha mbalame ndi nyama zotere. Ponyamula iikeni m'thumba lansalu lolimba, thumbalo m'bokosi, ndipo musaiwale botolo la madzi ofunda ngati ndi nyengo yozizira.