Eni malo ogona alendo, lekani kutsitsa mitengo ya zipinda chifukwa cha mantha

Nyengo ino, monga mlangizi, ndayendera mahotela ang'onoang'ono ndi maloji angapo, ndipo pafupifupi paliponse ndapeza matenda amodzimodzi. Mwini malo akangoona kuti m'buku la osungitsa zipinda mayina achepa kwa masabata awiri, mtima umathawa, n'kutenga foni kukatsitsa mtengo pa Booking.com, tsamba la pa intaneti losungitsirapo zipinda. Mnzake wapafupi akaona, nayenso amatsitsa. Mwezi ukamatha onse ali pansi, alendo ndi omwe aja amene akanabwerabe, koma ndalama zachepa kwa aliyense.

Komwe manthawa akuchokera ndikukudziwa. Mu 2020 mliri wa Covid-19 utatseka malire, anthu opita kumayiko ena anachepa ndi oposa 70 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi 2019, chaka chimene anali pafupifupi 1.5 biliyoni. Amene anatseka zitseko nthawi imeneyo chilonda sichinapole. Koma bungwe la UN Tourism, nthambi ya United Nations yoona zokopa alendo, linati mu 2024 apaulendo anafikanso pafupifupi 1.4 biliyoni. Alendo anabwerera. Chimene sichinabwerere ndi kulimba mtima kwa eni malo, ndiye mlungu umodzi woipa amauona ngati mliri wayambiranso.

Tiyeni tiwerengere limodzi, popeza apa ndi pamene ambiri mumathawa. Tinene kuti muli ndi zipinda 20, chilichonse mumachigonetsa pa 100, kaya ndi ndalama ya dziko liti, ndipo usiku uliwonse mwadzadza zipinda 10. Mlendo aliyense amakudyerani, tinene 20: kuchapa zoyala pabedi ndi matawulo, sopo, magetsi, madzi otentha, chakudya cha m'mawa. Ngati wabwera kudzera pa intaneti, komishoni ya 15 pa 100, yomwe ndi yofala, imapita kwa eni tsambalo. Mwatsala ndi 65 pa chipinda, 650 usiku wonse. Tsopano mwatsitsa mtengo kufika 80. Komishoni ndi 12, zodyedwa zija zikadali 20, mwatsala ndi 48. Kuti mufike pa 650 pomwe paja mukufunika zipinda 14. Alendo anayi owonjezera usiku uliwonse, pa nyengo yomwe inu nomwe mukuti alendo kulibe! Adzachokera kuti? Ndipo antchito anu adzachapa zambiri, mipope ndi matiresi zidzatha msanga, phindu lili lomwe lija.

Si ine ndayamba kunena izi. Akatswiri a ku Cornell University ku America anafufuza mahotela ambirimbiri m'zaka zovuta zotsatira 2001, ndipo anapeza kuti hotela yotsitsa mtengo kuposa anzake imadzadzadi pang'ono, koma ndalama yomwe chipinda chilichonse chimabweretsa, chogonedwa ndi chosagonedwa chomwe, imakhala yochepa. Chiwerengero chimenechi amachitcha RevPAR. Ndi chimene muyenera kumayang'ana, osati magalimoto amene aima panja.

Chimene chimanditopetsa ndi yankho lomwe ndimalandira nthawi zonse: "Alangizi, fodya wako ndi amene ali pamphuno, chipinda chikagona chopanda munthu usiku umenewo wapita." Inde wapita, sindikukana. Koma mtengo umene mwalemba pa intaneti sauona mlendo wa usiku umenewo yekha. Amauonanso kasitomala wanu wakale amene amalipira 100 popanda kudandaula. Kuyambira tsiku limenelo adzafuna 80, ndipo mukabwezeretsa mtengo adzati mwakweza.

Pali bambo wina mlimi amene anasandutsa nyumba yakale ya pamunda pake kukhala zipinda zinayi za alendo. Malo abata, anthu ankabwera kudzapuma ndi mabanja awo. Alendo atachepa, mwana wawo anawauza kuti atsitse mtengo ndi theka. Zipinda zinadzadzadi masabata atatu. Nditafika anandilowetsa m'chipinda china n'kundionetsa matiresi otenthedwa ndi ndudu pawiri, chitseko cha kubafa chikulendewera pa hinje imodzi. Amene anabwera anali ofuna pochezera usiku wonse ndi nyimbo, ndipo banja lina lomwe linkabwera chaka ndi chaka linanyamuka m'mamawa n'kukalemba pa intaneti kuti malowo asanduka aphokoso. Bambowo anakhala pansi, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti: "Alangizi, ine ndimaletsa anzanga kugulitsa mbewu yobzala njala ikawawa. Apa ndagulitsa yanga." Ndemanga ija ikadali pomwepo, aliyense wofuna kusungitsa chipinda amayamba waiwerenga.

Nanga muchite chiyani? Mwachidule, popeza zambiri mukuzidziwa kale. Tsegulani buku la chaka chatha muone ngati mwezi womwewu sunali chonchi. Kawirikawiri ndi nyengo chabe. Werengerani ndalama yomwe mlendo mmodzi amakudyerani, muikepo malire amene simudzatsika kupyola pamenepo. Ngati mukufuna kukopa anthu, siyani mtengo pomwe uli, onjezani kanthu kosakudyerani zambiri, monga kulola mlendo kutuluka mochedwerako, kapena kuchotsera pang'ono wogona masiku anayi kapena asanu. Kuchotsera kuzikhala ndi tsiku lothera komanso chifukwa chake. Alendo akale alembereni uthenga kuti azisungitsa kwa inu mwachindunji, komishoni ija itsale m'thumba mwanu. Ndipo zipinda zomwe zili zopanda anthu mwezi uno, pakani utoto ndi kukonza mipope yodontha alendo asanachuluke.